Malo pa Thanki ya Kuromu

Achemwali anga a Enelesi anandipeza ndikulambula m'mphepete mwa kamunda kanga ka tiyi. Sanayambe ndi moni wautali uja amapereka akabwera kudzapempha mchere. Anangoima pamzera, manja m'chiuno.

"Achimwene, mwana uja sukulu wamaliza ndipo akungokhala. Muwaimbire a Dayitoni ku Joni, amupezere malo kumene munkagwira inu kuja."

Mwana ankanenayo ndi Fatsani, woyamba kubadwa wawo. Kwathu kuno ku Nchilamwela mwana wa mlongo wako ndi wako kuposa amene unabereka wekha. Bambo ake akhoza kumanga katundu n'kubwerera kwawo, monga anachitira bambo a Fatsani, koma malume alibe kothawira. Mwanayo akadwala, ndiwe. Akapalamula, ndiwe. Akakula n'kufuna pogwira, amayang'ana iwe. Choncho achemwali sanali kundipempha ayi, ankangondikumbutsa ntchito yanga.

Ndinawauza kuti ndiganize kaye.

"Muganize chiyani? Foni muli nayo, nambala muli nayo."

Anapita, ine n'kutsala nditagwira chikwanje. Chimene sindinkafuna pa dziko lino chinali kuona Fatsani ataima pa thanki imene ndinaimapo ine. Koma kuti munthu amvetse mantha angawo, ndiyambe ndi nkhani ya mphuno yanga.

Ndisanapite ku Joni ndinkagwira mufakitale ya tiyi pa esiteti ina konkuno. Sindinali munthu waudindo, koma ndinali ndi mphuno. Masamba akafota n'kudulidwa ndi makina amawayala kuti apse, ndipo amasiya kubiriwira n'kuyamba kufiirira. Pali kanthawi kochepa pamene tiyi amakhala atafika. Ukamutumiza ku moto msanga amatuluka akumveka udzu, ukachedwa amazirala. Wotchi inalipo pakhoma, koma tsiku lozizira ndi tsiku lotentha sizifanana, ndiye kapitawo wathu ankandiitana. Ndinkatapa pang'ono m'manja, n'kununkhiza, n'kunena kuti "adikire" kapena "apite". Ndinkanyada nazo, sindibisa. Vuto linali lakuti mvula ikasiya masamba amachepa, ndipo ambirife ankatiuza kuti tikapume kunyumba mpaka mvula ina. Miyezi imeneyo pakhomo pankavuta kwambiri.

Ndiye Khirisimasi ina kunabwera Dayitoni, mnzanga wa ku Chimaliro amene tinkathyolera limodzi tiyi tili anyamata. Anabwera ndi njinga. Njinga ndinali nditaziona, koma iyi inkanyezimira paliponse, kuyambira hendulo mpaka keliyala, moti ana ankaithamangira kuti akadzione nkhope pa madigadi. Anati chitsulo chonyezimiracho anaiveka yekha ndi manja ake kuntchito kwawo. Ndinaona kuti akamalankhula mawu ankatulukira m'mphuno, ndipo popuma pankamveka kamluzu kakang'ono. Ine ndi uchitsiru wanga ndinkayesa kuti ndiwo malankhulidwe a ku Joni, mpaka ndinayamba kumutsanzira. Pobwerera ananditenga.

Ulendowo sindiukumbukira bwino. Ndimakumbukira kutentha kwa ku Tete, mapazi otupa, ndi mayi wina amene anandigawira chinangwa chophika titaima pamzere pachipata. Ndinalowa ngati mlendo wokacheza. Masiku a m'chiphaso atatha ndinasanduka munthu woyenda mocheukacheuka, woti akaona galimoto ya apolisi amayamba kumanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke.

Malo antchitowo sanali fakitale yaikulu imene ndinkalota. Inali shedi ya malata kuseri kwa malo ogulitsira zitsulo zakutha, mazenera ake okhomedwa chifukwa cha akuba. Mkatimo munali mathanki ondandalikana, thanki iliyonse ndi madzi a mtundu wake. Ntchito yathu inali kuveka zitsulo chovala chopyapyala cha chitsulo china chonyezimira. Kunkabwera mipopi, mabampala a galimoto, miyendo ya mipando, zogwirira za mabokosi a maliro, zina zatsopano, zina zadzimbiri. Watsopano ankayambira kotsuka: kupala, kuviika mu soda wotentha, kutsukuluza, kuviika mu asidi, kutsukuluzanso. Ukangokhudza ndi chala pamene patsukidwa, mafuta a m'thupi okhawo ankakaniza chovala kugwira, ndipo bwana ankakutukwana mu chinenero chimene sunkafunika kuchidziwa kuti umve.

Zotsalazo anandionetsa Dayitoni. Pamwamba pa thanki pankadutsa mitanda ya mkuwa yolumikizidwa ku bokosi lalikulu la magetsi limene linkang'ung'uza tsiku lonse.

"Uyang'ane bwino, amwene. Mbali ya waya wofiirayi timapachika chitsulo chodyedwa. Mbali ya waya wakudayi timapachika chovekedwa. Ukayatsa, ichi chimatha, icho chimanenepa. Basi, sukulu yonse ndi imeneyo."

Ndinkayesa akundinamiza. M'thanki ya madzi obiriwira munali timadengu todzaza zidutswa za nikelo. Zidutswa zija zinkachepa tsiku ndi tsiku, osaona chimene chikuzidya, ndipo mipopi yopachikidwa pakati inkatuluka itavala nikelo yemweyo. Chitsulo chinkasamuka m'madzi maso ako akuyang'ana, koma osachiona. Ndinena zoona, ntchito imeneyi ndinaikonda. Bampala yadzimbiri yoti kwathu tikanatchingira khola la nkhumba inkadutsa m'manja mwanga n'kutuluka yatsopano. Madzulo ndinkayenda m'tauni ndikuyang'ana magalimoto, n'kumadziuza kuti mwina iyo inadutsa kwa ine.

Thanki yomaliza inali ya kuromu, chitsulo chija chinkanyezimira pa njinga ya Dayitoni, madzi ake ofiira ngati dothi la kwathu mvula itagwa. Mmenemo mpopi unkangokhalamo kanthawi n'kutuluka ukuonetsa nkhope ya munthu. Koma thanki imeneyi inali ndi khalidwe lina. Mbale za mtovu zopachikidwa mbali ya waya wofiira sizinkatha ayi, kuromu ankachokera m'madzi momwemo. Ukayatsa magetsi madziwo ankachita thovu ngati akuwira, ndipo pamwamba pankakwera kankhungu kamene unkakaona bwino dzuwa likalowera pabowo la lata. Panali makina oyamwa nkhunguyo, koma anafa ine ndisanafike, ndipo bwana ankati chitsulo chake chikubwera kuchokera kunja. Chinali chikubwerabe tsiku limene ndinkachoka. Woima pa thanki ya kuromu ankalandira zochulukirapo pang'ono, ndiye tonse tinkailimbirana.

Nditapatsidwa malo pamenepo ndinapezapo a Alufandika, bambo wachikulire wa kuseri kwa phiri la Mulanje, mbali ya Mozambiki. Tinkacheza m'Chilomwe, n'kumajeda bwana ali pompo. Tsiku loyamba anandiitana.

"Mwana wakwathu, tabwera uone."

Anatenga kawaya kopachikira mipopi, n'kukalowetsa mphuno ya kumanja, n'kukatulutsira kumanzere. Anakapinda mbali zonse, n'kuyamba kuyenda mokhotakhota ngati ng'ombe ya pangolo. Shedi yonse inafa ndi kuseka. Nanenso ndinaseka, koma ndinagwira mphuno yanga.

"Usaope, sizipweteka," anatero. "Nawenso ubooka, ndiye udzakhala wathu weniweni."

Zinayenda monga ananenera. Ndinayamba ndi kuyetsemula, kenako chimfine chosatha, kenako kudzuka m'mawa pilo ali ndi magazi. M'mphuno munkapanga nkhanambo zimene ukazichotsa zinkabwerera. M'manja, paliponse pamene panali kachilonda, pankabooka kadzenje kozungulira kosapola. Tinkamanga nsanza kukamwa, nsanzazo n'kufiira dzuwa lisanafike pamutu. Kuchipatala ankafunsa mapepala, ndipo wodandaula kwa bwana ankamuonetsa chipata, pamene anthu ena ankakhala ataima kudikira ntchito. Ndiye tinkangomwa mkaka, chifukwa wina ananena kuti umatsuka m'chifuwa. Kaya umatsukadi, ine sindikudziwa mpaka lero.

Tinkagona m'kachipinda ka malata, ine, Dayitoni ndi a Alufandika. Lamulungu lina masana tinateleka nyemba pa pulaimasi, n'kukhala pansi kusewera bawo imene a Alufandika anasema pa thabwa lotola. Masewera anakoma. Mwadzidzidzi chitseko chinamenyedwa mwamphamvu, n'kulowa mayi wa ku Zimbabwe wa chipinda choyandikana nafe, chidebe cha madzi m'manja, akukuwa kuti nyumba ikupsa. Titacheuka tinapeza poto wauma kale, nyemba zasanduka makala, utsi ukukwera kumbuyo kwathu kwenikweniku. Fungo linali litafika mpaka kumsewu. Amuna atatu titakhala pambali pa poto, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamva kanthu.

Tinaseka mpaka misozi. A Alufandika anagubuduka pansi. Mayiyo atatuluka akupukusa mutu, kuseka kunatha pang'onopang'ono. Ine ndinatenga poto uja, n'kulowetsamo nkhope yonse, n'kukoka mpweya mwamphamvu. Ndinamva kutentha kokha. Ndinakumbukira kapitawo wanga akundiitana m'chipinda cha tiyi, ndipo ndinachita mantha amene sindinachitepo chiyambire. Tsiku limenelo tinadya buledi.

Wina akhoza kufunsa kuti bwanji sunachoke pomwepo. Funso limenelo ndi lophweka kwa munthu amene sanalandirepo foni ya kumudzi kumapeto kwa mwezi. Zimene ndinkatumiza zinafolera nyumba ya amayi ndi malata, zinagula feteleza, zinagoneka achemwali kuchipatala pamene anadwala. Fatsani atasankhidwa kupita ku sekondale, fizi yake inachokera pa thanki yomweyo. Chaka chilichonse ndinkati ichi n'chomaliza, ndipo chaka chilichonse kunkatuluka china chofunika kumaliza kaye.

A Alufandika anayamba kutsokomola. Poyamba tinkawaseka kuti achepetse fodya, chonsecho sankasuta. Anaonda mpaka ovololo inkawazungulira kawiri. Bwana anawachotsa pa thanki n'kuwapatsa tsache, kenako anawauza kuti tsachelo lapeza mwini wina. Tinasonkherana za basi. Pa siteshoni anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kundiuza m'Chilomwe kuti ndisachedwe ngati iwo. Analibe foni, ndipo mudzi wawo ndinkangoudziwa dzina. Sindikudziwa ngati anafika.

Ndinachedwabe. Ndinachoka pamene ndinayamba kuima pakati pa njira kuti ndipume, njira imene kale ndinkaithamanga. Dayitoni anatsala. Anati iye thupi lake linazolowera.

Kumudzi ndinapeza amayi atagona kale kumanda, ndipo nyumba ya malata ija munali achemwali. Ana anga ankandipatsa moni atagwada ngati mlendo wa kumpingo. Mayi a kunyumba anali atazolowera kulamula okha, ndipo ine ndinkafunsa pamene pali khasu m'nyumba yanga yomwe. Abale ankabwera kudzandiona, maso ali pa chikwama. Akamva mmene ndikulankhulira, achinyamata ankaseka kuti malume abwera ndi Chichewa cha ku Joni.

Mvula itayamba ndinapita kufakitale. Kapitawo uja anali atakalamba koma anandizindikira, ndipo anakondwa zenizeni.

"Mwabwera nthawi yabwino. Anyamata a masiku ano amangoyang'ana wotchi. Tiyeni mukationetse."

Ananditengera m'chipinda chija. Ndinatapa tiyi m'manja monga kale, wofunda, wonyowa. Ndinanunkhiza. Panalibe kanthu. Ndinanunkhizanso mpaka mphuno inaliza kamluzu kake anthu onse akumva. Ndinayesa kuba ndi maso, kuyang'ana mtundu, n'kunena kuti apite. Kapitawo anatapa naye, ananunkhiza, n'kubwezera tiyiyo pamalo pake. Anandiperekeza mpaka panja dzanja lili paphewa langa, n'kunena kuti akamva za malo a ulonda adzandiuza. Anthu amati makina akamaumitsa tiyi fungo limafika mpaka kumsewu wa tala. Ine ndimadutsa pamenepo ngati ndikudutsa pa nyumba yosungira simenti.

Kuchipatala cha ku mishoni namwino anandiunika m'mphuno ndi katochi, n'kuitana mnzake kuti adzaone. Anandifunsa ntchito imene ndinkagwira. Anandipatsa mafuta opaka, n'kundiuza mwaulemu kuti chimene chadyeka mmenemo sichimeranso, ndipo chifuwa ndizibwera nacho azichiona.

Umo ndi mmene ndinalili pamene achemwali anabwera ndi mawu awo aja.

Ndinaganiza zomuopseza mnyamatayo. Ndinamuitanitsa, n'kukhala naye pakhonde. Fatsani ndi wamtali, wofatsa, wosayang'ana munthu wamkulu m'maso. Mayeso a fomu folo anakhoza bwino, makamaka kemisitiri, koma ku yunivesite dzina lake silinatuluke, ndipo za makoleji olipira sitinkazitchula n'komwe. Nyengo ya mvula ankabereka dengu n'kukathyola tiyi pa esiteti. Mvula inali itasiya.

Sindinalankhule zambiri. Ndinazula kaudzu pa tsindwi la khitchini, n'kukalowetsa kumanja, n'kukatulutsira kumanzere. Ndinamusiya ayang'ane.

Sanaseke, sanathawitsenso maso. Anasendera pafupi.

"Malume, madzi a m'thankimo anali ofiira? Ndipo mukayatsa ankachita thovu lambiri?"

"Wadziwa bwanji?"

"Ndi elekitirolisisi, malume. Tinaphunzira."

Anatola kamtengo n'kujambula pansi: bokosi, timizere tiwiri tolowa m'madzi, mawaya opita ku batire. Anati mbali ya waya wofiira imatchedwa anodi, ya waya wakuda kathodi. Anati m'madzimo chitsulo chimakhala chitasungunuka tizidutswa tosaoneka tonyamula mphamvu ya magetsi, ndipo magetsi akayaka timathamangira ku kathodi n'kukakhala pamenepo ngati chitsulo cholimba. Kusukulu kwawo anachitapo zimenezi ndi mabatire a tochi ndi madzi a buluu m'botolo lodula, ndipo kiyi wa aphunzitsi anatuluka atavala mkuwa. Anati njira yomweyo ndiyo imayeretsa mkuwa wa ku Zambia kuti ukhale mawaya, imatulutsa aluminiyamu wa mapoto athu, ndipo madzi amchere akadutsamo magetsi amapereka kolorini wothira m'zitsime ndi soda wopangira sopo.

Ndinamvetsera kukamwa kuli yasa. Zaka zonsezo ndinkapachika ndi kupachula, osadziwa kuti zinthuzo zili ndi mayina, ndipo mwana amene ndinamulipirira fizi ankandiuza zimene zinkachitika pansi pa manja anga. Ndinanyada, ndipo kunyadako kunandipweteka.

"Nanga thovu lija?" ndinafunsa.

"Pa kuromu magetsi ambiri samapita pa kuveka. Amang'amba madzi, n'kutulutsa mipweya mbali zonse ziwiri. Mipweyayo siimene inakudyani. Koma tithovu take tikamaphulika pamwamba timamwaza madzi a m'thankimo m'mwamba. Munkapuma asidi weniweni, malume. Kuromu wa mtundu umenewo amawononganso mapapo."

"Zimenezo zili m'buku?"

"Ayi. M'buku muli chithunzi cha supuni ndi ntchito zake basi. Izi ndinafunsa aphunzitsi mutangobwera kumene, nditamva mmene mukupumira."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinaganiza kuti ntchito yanga yatha, mwanayu akudziwa kuposa ine, sangapite.

"Ndiye wamva. Ukawauze amayi ako."

Anafufuta chojambula chija ndi phazi, pang'onopang'ono.

"Ndipitabe, malume."

"Iwe! Wapenga?"

"Ndikatsala kuno nditani? Munda wa amayi mukuudziwa, mukaima uku mumalavulira kumalire. Uku esiteti, uku esiteti. Dengu ndabereka, mvula ikatha amati kapumeni. Anzanga amene ndinkawaphunzitsa masamu ali pa njinga za kabaza, ndipo njingazo si zawo. Ine ndikangogwira zaka zochepa, ndikapeze ya koleji, ndibwerere. Ndikagula chotchingira kumaso chenicheni, osati nsanza."

"Inenso ndinati zaka zochepa."

"Ndikudziwa. Ndiye mundipatse china chochita, malume. Chilichonse. Ndikhala."

Sanalankhule mwamwano. Anandiyang'ana m'maso, mwina koyamba chibadwire, n'kumadikira. Ndinafufuza m'mutu mwanga ngati munthu wofufuza m'thumba lobooka. Ndinamuuza kuti andipatse nthawi.

Ndinayenda. Ndinabwerera kwa kapitawo, amene anati kufakitale akuchotsa anthu, osati kulemba. Ndinapita ku mishoni kukafunsa ngakhale ntchito yosesa, anati ali ndi mayina ambiri odikira. Ndinapita kusukulu ina yoyendetsedwa ndi munthu wamba kukafunsa ngati sangaphunzitseko ana, anati abwere ndi pepala la uphunzitsi. Ndinaganiza zomupatsa kamunda kanga ka tiyi, koma kali pa malo a kwawo kwa mayi a kunyumba, ndipo ine pamenepo ndine mkamwini chabe. Kulikonse ndinkafika ndikupuma movutikira, n'kubwerako chimanjamanja.

Achemwali anatopa nane. Anabwera ine ndili ndi alendo, dala.

"Achimwene, anthu akulankhula. Akuti inu munakadya nokha ku Joni, lero mukutsekera mwana chitseko. Akuti simukufuna kuti wina m'banja muno akuposeni."

"Achemwali, mphuno yangayi simukuiona?"

"Ndikuiona. Koma muli moyo, mukuyenda, munamanga. Ine mwana wanga akungofera m'maso mwanga ali wamoyo. Wayamba kukhala pa malo a kachasu, mukudziwa? Sakumwa, koma akukhalapo." Anandiloza ndi chala. "Mukakana, apita ndi anyamata ozembetsa anthu aja. Alankhula nawo kale. Akakafika kumeneko opanda womulandira, akagona kuti? Akakafera m'njira, ndidzafunsa inu."

Mawu amenewo anandimaliza, chifukwa anali oona. Ndinawaonapo anyamata ofika ku Joni opanda m'bale, ogona pansi pa milatho, ogwira ntchito mwezi wathunthu n'kuthamangitsidwa osalandira kanthu. Kwa Dayitoni kunali denga ndi munthu womudziwa dzina. Ndinali wosankha pakati pa thanki ndi mlatho, ndipo zonse ziwiri ndinkazidziwa.

Ndinatsala ndi nzeru imodzi, yamanyazi. Ndinati ndikaimba ndekha, ndikabwere ndinene kuti malo kulibe, mwina mvula ingayambe mnyamatayo asanapeze njira ina. Koma achemwali tinayamwa bere limodzi, amandidziwa.

"Tipita tonse. Ndipo foniyo muike poti tizimva tonse."

Kwathu netiweki imagwira bwino pa kachitunda ka m'mphepete mwa esiteti, pamene tiyi amayambira. Tinakwera atatu masana, ine kumbuyo, ndikuima kawirikawiri ngati ndikuyang'ana mitambo. Mumtima ndinkapemphera kuti nambalayo isagwire, kapena kuti shedi ija inatsekedwa.

Inagwira. Dayitoni anayankha, koma anayamba ndi kutsokomola, chifuwa chakuya chotenga nthawi. Titapatsana moni ndinafotokoza nkhaniyo mozungulira, ndikuika mawu oti amve kuti ndikufuna akane.

"Ndikudziwa kuti kumeneko zinthu zavuta, amwene. Malo sapezekanso masiku ano. Ndangoti ndifunse poti achemwali akakamira."

Kamluzu kake kaja kanalira pa foni.

"Malo alipo," anatero.

Achemwali anakweza manja kumwamba.

"Alipo pati?" ndinafunsa. "Kotsuka?"

"Pa kuromu. Anga omwe. Ine basi, amwene, ndikubwera kumudzi mwezi ukatha. Chifuwa chakana. Bwana wati ndimupezere munthu wakwathu, poti ife sitivuta. Ndikanakonda akhale mwana wathu kusiyana ndi mlendo. Abwere msanga ndimuphunzitse ndisananyamuke, chipinda ndimusiyira."

"Mulungu ndi wamkulu," anatero achemwali, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "A Dayitoni, Mulungu akudalitseni. Mwatichotsa manyazi."

Ndinayang'ana Fatsani. Iye anali atamva zonse, chifuwa chija ndi chifukwa chimene malowo apezekera, ndipo ankazimvetsa kuposa tonsefe. Ndinadikira kuti apukuse mutu, ngakhale pang'ono chabe, kuti ndipeze poyambira. Anali kuyang'ana mizera ya tiyi. Ine ndine malume wake, mawu omaliza anali anga, koma ndinangogwira foni ija m'manja.

Dayitoni anatsokomolanso, kenako anafunsa:

"Mnyamatayo amavala nsapato saizi yanji? Magambutsi anga akadali abwino, asavutike kugula."

Achemwali anatchula nambala ine ndisanatsegule pakamwa.

"Eya," anatero Dayitoni. "Amukwana."